Meyi wa ku London: kuwala kumafika msanga, kutentha kumabwera pambuyo

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku London, ndipo mwezi wa Epulo ukamapita kumapeto foni yanga sipuma. Ena apeza ntchito, ena akubwera kudzaona ana ndi zidzukulu, ena ndi a sukulu, koma funso limakhala limodzi: "Asisi, tamva kuti kuzizira kwatha kumeneko. Majekete tisiye?" Ndimawauza kuti asasiye. Chifukwa chake sichikwana pa foni, n'chifukwa chake ndati ndilembe bwinobwino. Meyi ndi mwezi wokongola kwambiri kuno, mitengo yonse imakhala itavala, mapaki ali mbuu ndi maluwa, koma ndi mwezi umene umasokoneza munthu wobadwira kwathu kuposa Disembala amene aliyense amabwera akumuopa kale. Disembala amaonekeratu: kunja mdima, mphepo yozizira, munthu umavala zokhuthala popanda wokuuza. Meyi amakuonetsa dzuwa lowala ngwee, iwe n'kutuluka ndi malaya okhaokha.

Kwathu dzuwa ndi kutentha zimayendera limodzi. Likafika pamutu ndiye kuti kwatentha, likapendeka ndi nthawi yoweruka kumunda, likalowa tsiku latha. Tinakula tikuwerenga nthawi ndi nyengo poyang'ana kumwamba, ndipo sitinkaphonya, chifukwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre usana ukatalika kwambiri umangokhala wa maola pafupifupi 13 ndipo sufupika kufika pansi pa maola 11. London ili kutali kwambiri ndi pakati pa dziko, madigiri 51 ndi theka kumpoto, pamene Lilongwe ili madigiri 14 okha kummwera. Dziko lapansi limazungulira dzuwa litapendekeka, ndiye malo akutali chonchi amalandira usana wautali zedi theka la chaka ndi waufupi zedi theka linalo. M'mwezi wa Meyi kuwala kumakhala kutathamangira kutsogolo, kutentha kukadali m'mbuyo. Zambiri zimene ndikufuna kunena zikuchokera pa kusiyana kumeneku.

Pa 1 Meyi dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30 m'mawa n'kulowa cha m'ma 8:25 madzulo. Pofika pa 31 Meyi limatuluka cha m'ma 4:50 n'kulowa 9 koloko itapitirira pang'ono. Ndiye kuti mwezi umayamba ndi usana wa maola pafupifupi 15 n'kutha ndi wa maola oposa 16. Kumayambiriro kwa mwezi tsiku lililonse limawonjezera mphindi zitatu ndi theka, moti ukhoza kuona kusintha pa sabata imodzi yokha. Tsiku lalitali kwambiri limadzafika cha pa 21 Juni, maola 16 ndi mphindi 38, pamene cha pa 21 Disembala usana sukwana ngakhale maola 8. Ndipo musaganize kuti dzuwa likalowa mdima umagwa nthawi yomweyo ngati kwathu. Kuno chisisira chimatenga nthawi yaitali. Kumapeto kwa Meyi ukhoza kuyenda panja 10 koloko ili pafupi ukuonabe nkhope ya mnzako. Kuyambira cha pa 23 Meyi mpaka cha pa 21 Julayi dzuwa silitsika mokwanira kuti kukhale mdima wa ndiwe yani. Usiku wonse kumpoto kumatsala kachizirezire.

Amayi anga ali ku Ntcheu. Ndikawaimbira pa WhatsApp cha m'ma 8 koloko ya kuno, kwawo imakhala 9 koloko, mdima unagwa kalekale, adya kale ndipo akukonzekera kugona. Tsiku lina ndinawatembenuzira kamera pa windo, ana a anzathu akusewera mpira panja, dzuwa lili pa madenga. Anakhala chete kaye, kenaka anati, "Mwana wanga, nanga nkhuku za kumeneko zimalowa m'khola nthawi yanji?" Linali funso lenileni, ndipo ndi funso lomwelo limene thupi la munthu limafunsa likafika kuno. Tulo timabwera ndi mdima. Mdima ukachedwa, tulo timachedwanso, koma alamu ya kuntchito siisuntha.

Ndaona mabanja ambiri a kwathu akuvutika ndi zimenezi chaka chawo choyamba. Mayi amadikira kuti kunja kuyambe kuda kuti ateleke poto wa nsima, pozindikira 9 koloko yakwana, ana akudya 10 koloko, mawa sukulu. Mwana ukamuuza kuti akagone amakuyankha kuti, "Amayi, kunja kukuwala." M'mawa mbalame zimayamba kuimba 4 koloko isanakwane n'komwe, kuwala kwalowa kale m'chipinda. Ife a shifiti ya usiku zimatipweteka kwambiri, chifukwa poweruka 8 koloko m'mawa dzuwa limakhala litatuluka maola atatu apitawo, thupi likukana kuti ino ndi nthawi yogona. Chimene chinatithandiza m'nyumba mwathu ndi makatani okhuthala amene amawatcha blackout. Amapezeka m'masitolo ambiri ndipo si okwera mtengo kwenikweni. Ngati ndalama palibe, ngakhale katoni yodula bwino n'kuika pa windo imagwira ntchito. Chachiwiri, tinasiya kuyang'ana panja n'kuyamba kuyang'ana wotchi. Chakudya cha madzulo 6:30, makatani atsekedwe 7:30, magetsi achepe, kaya panja pakuwala motani.

Kutalika kwa usanaku kumakhudzanso mapemphero. Anzanga a Seventh Day amalandira Sabata dzuwa likalowa Lachisanu. Kwathu mu Meyi imakhala 5:30 isanakwane, kuno kumapeto kwa mwezi ndi 9 koloko usiku, ndipo potsekera Loweruka ndi chimodzimodzi. Amene mumakonza mashifiti ndi abwana anu muziwerengera zimenezi pasadakhale. Mu 2018 ndi 2019 mwezi wa Ramadan unagwera mu Meyi, ndipo mnzanga wina wa ku Mangochi amene tinkagwira naye ntchito ankasala kudya mpaka maola 18 pa tsiku, pamene abale ake kumudzi ankasala maola osapitirira 13. Ndinkamuona akunyamula okalamba, kuwasambitsa, osalawa ngakhale dontho la madzi mpaka 9 koloko. Ndimamulemekeza mpaka lero.

Mbali ina ya kuwala kwa madzuloku ndi yopangidwa ndi anthu. Lamulungu lomaliza la Malichi mawotchi onse a ku Britain amawapititsa patsogolo ndi ola limodzi, n'kudzawabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. N'chifukwa chake mu Meyi Malawi amakhala patsogolo ndi ola limodzi lokha, pamene mu Disembala ndi maola awiri. Amene anayambitsa ganizoli kuno anali womanga nyumba wina, William Willett. Ankakonda kukwera hatchi m'mamawa kufupi ndi Petts Wood, kummwera chakum'mawa kwa London, ndipo zinkamupweteka kuona nyumba zili chitsekere, anthu ali mtulo, dzuwa litakwera kale. Mu 1907 analemba kabuku kolimbikitsa kusuntha mawotchi, koma anamwalira mu 1915 boma lisanavomere. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse ndiyo inawakakamiza, pofuna kupulumutsa malasha, ndipo mawotchi anasunthidwa koyamba pa 21 Meyi 1916. Pakanapanda lamulo limeneli, kumapeto kwa Meyi dzuwa bwenzi likutuluka 4 koloko isanakwane.

Tsopano za kutentha. Anthu a kuno amasunga manambala a nyengo mosamala kwambiri. Bungwe la boma loona za nyengo la Met Office linayamba mu 1854, ndipo pali kaundula wa kutentha kwa chigawo chapakati cha England amene amayambira mu 1659, wakale kuposa wina aliyense padziko. Ndinayamba kuwerenga manambalawa chifukwa cha ntchito, popeza okalamba amadwala msanga nyengo ikasintha mwadzidzidzi, ndipo pambuyo pake chifukwa cha dimba, limene ndilifotokoza kutsogoloku. Mukatenga zaka za 1991 mpaka 2020 pa bwalo la ndege la Heathrow, masana a Meyi amafika pafupifupi madigiri 18, usiku kumatsika kufika pafupifupi 9. Usiku woterewu ndi wa Juni kapena Julayi wa ku Lilongwe, uja timafunda mabulangete awiri, koma masana a kuno amakhala ozizira kuposa a Juni wa kwathu. Mvula ya mwezi wonse ndi mamilimita pafupifupi 45 okha, yongowaza pang'onopang'ono, nthawi zina kangapo pa tsiku limodzi.

Koma manambala apakatiwa sanena zonse, ndipo apa m'pamene mbiri yakale imathandiza. Pa 22 Meyi 1922, pa Camden Square kumpoto kwa mzinda, kumene katswiri wa za mvula George James Symons anayamba kulemba za nyengo m'zaka za m'ma 1800, kutentha kunafika madigiri 32.8. Nambala imeneyi inakwanitsa zaka 100 palibe tsiku la Meyi loiposa m'dziko lonse la Britain. Inangofanana ndi ya pa 29 Meyi 1944, pamene ku Regent's Park mu London, ku Horsham ndi ku Tunbridge Wells kunafikanso 32.8. Taganizirani, linali Lolemba la tchuthi pakati pa nkhondo, anthu akutuluka thukuta ngati Okutobala wa ku Salima. Patangotha sabata imodzi nyengo inali itatembenuka, mphepo ndi mafunde pa nyanja, mpaka asilikali amene amayenera kuwolokera ku Normandy, m'dziko la France, pa 5 Juni anachedwetsa ulendo wawo kufika pa 6 Juni. Ndimakonda kuwauza alendo nkhani imeneyi chifukwa imaonetsa mmene nyengo ya kuno imasinthira pa masiku ochepa.

Zina ndinaziona ndi maso. Pa 7 Meyi 2018, Lolemba la tchuthi cha kumayambiriro kwa mwezi, ku Northolt kumadzulo kwa London kunafika madigiri 28.7, kutentha kumene kunali kusanachitikepo pa tchuthi chimenechi chiyambireni mu 1978. Ndinali pa ntchito tsiku limenelo. Kwa ife madigiri 28 si nkhani, koma nyumba za kuno anazimanga kuti zisunge kutentha: makoma okhuthala, makapeti, mawindo a magalasi awiri amene ena amangotseguka pang'ono, fani palibe. Agogo ena a m'chipinda cha pamwamba ndinawapeza atavala juzi ndi masokosi a ubweya monga mwa masiku onse, milomo itauma, akulankhula zosagwirizana. Okalamba samva ludzu msanga. Tinawavula juzi, kutseka makatani mbali ya dzuwa, kuwapukuta ndi kansalu konyowa m'khosi ndi m'manja, n'kumawamwetsa madzi pang'onopang'ono ndi kapu yawo ya tiyi imene amaikonda, mpaka anayamba kundizindikira n'kunditchula dzina. Inu amene mukubwera kudzagwira ntchito ngati yangayi, tsiku loyamba lotentha la chaka ndilo loopsa, chifukwa nyumba, zovala ndi matupi zonse zikadali za nyengo yozizira. Ndipo masiku oterewa akufulumira kubwera. Pa 1 Meyi 2025 ku Kew Gardens, konkuno ku London, kunafika madigiri 29.3, tsiku loyamba la Meyi lotentha kuposa onse olembedwa m'mbuyomo.

Mbali inayo ndi kuzizira. Mu Meyi 1941 ku Lynford, m'chigawo cha Norfolk, kunazizira mpaka madigiri 9.4 pansi pa ziro. Pa 2 Juni 1975 sinowo inagwa mpaka kuimitsa masewera a cricket ku Buxton. Kumeneko ndi kunja kwa London, ndipo m'kati mwa mzinda sikufika pamenepo, koma m'madera a m'mphepete chisanu chowaula mbewu chimagwa ndithu mu Meyi. Chaka chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi 2020, nthawi ya Covid. Meyi wa chaka chimenecho anali ndi dzuwa la maola 266 tikatenga dziko lonse, kuposa mwezi wina uliwonse umene unalembedwapo mpaka nthawi imeneyo. Kumwamba kunali kopanda kamtambo, ndege kulibe, tsiku ndi tsiku. Koma m'mwezi womwewo, cha pakati, chisanu chinagwa usiku n'kuwononga minda ya mphesa kummwera kwa England, ndipo m'madimba a kwathu kuno masamba a mbatatesi anada ngati apsa ndi moto. Zinthu ziwirizi sizikutsutsana. Mitambo ndiyo imasunga kutentha kwa nthaka usiku. Kukakhala kopanda mitambo masana dzuwa limawala, koma usiku kutentha konse kumathawira kumwamba. Mu 2024 zinachitika mosemphana: Meyi anali wa mitambo ndi mvula, anthu akudandaula kuti dzuwa sakuliona, koma a Met Office anapeza kuti anali Meyi wofunda kuposa onse m'kaundula wawo wa dziko lonse, madigiri 13.1 pophatikiza usana ndi usiku, chifukwa usiku sikunkazizira. Pakati pa zaka ziwirizi pali 2021, pamene Meyi anali wozizira ndi wa mvula moti m'nyumba mwathu hita sinapume.

Chimene chimachedwetsa kutentha ndi nyanja. Britain ndi chilumba, ndipo madzi amatenga nthawi yaitali kuti afunde. Mu Meyi nyanja zozungulira zimakhala zikadali ndi kuzizira kwa miyezi yapitayo, madigiri 10 mpaka 13. Mphepo ikachokera kumpoto kapena kum'mawa imadutsa pa madzi ozizirawo n'kufika mu mzinda ikubaya, ngakhale dzuwa likuwala. Ikachokera kummwera, ku France ndi ku Spain, m'pamene timaona madigiri 25 kupita m'tsogolo. N'chifukwa chakenso mwezi wotentha kwambiri ndi Julayi, ngakhale tsiku lalitali lili mu Juni.

Pa nkhani ya madziyi ndilankhule mwamphamvu, makamaka kwa achimwene athu a kunyanja, a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Mangochi, amene kusambira anakuyamba asanayambe sukulu. Nyanja ya Malawi imakhala yofunda chaka chonse, madigiri oposa 20. Kuno tsiku la madigiri 27 mu Meyi, madzi a ku Brighton, a ku Southend, a mumtsinje wa Thames kapena a m'madamu amakhala ozizira kwambiri. Madzi osafika madigiri 15 ukalumphiramo mwadzidzidzi thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya mosafuna, mtima umathamanga, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi umamwa madziwo. Luso la kusambira silithandiza pa mphindi yoyambayo. Chaka chilichonse masiku oyamba otentha kumamveka za achinyamata omira, ambiri odziwa kusambira. A bungwe lopulumutsa anthu pa madzi la RNLI amalangiza kuti ukagwera m'madzi ozizira usalimbane nawo, ugone chagada, utambasule manja ndi miyendo mpaka kupuma kubwerere m'malo. Auzeni ana anu zimenezi asanapite kokayenda ndi anzawo.

Nambala imene mumaiona pa foni muziimvetsa bwino. Amene tinaphunzira jogalafe tikukumbukira kabokosi koyera ka Stevenson screen, ka mipata yolowera mphepo. Ndi momwemo mmene amayezera kuno, pa udzu, mamita 1.25 kuchokera pansi, mu mthunzi. Ndiye akati madigiri 18, pa dzuwa popanda mphepo umamva ngati 25, ukangolowa mu mthunzi wa nyumba zitalizitali n'kuyamba kunjenjemera. Komanso London si malo amodzi. Pakati pa mzinda, ku St James's Park, usiku kumafunda kuposa kumalire ngati ku Northolt, chifukwa njerwa ndi phula zimasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Munthu woyamba kuyeza n'kulemba zimenezi anali Luke Howard wa ku Tottenham, zaka zoposa 200 zapitazo, yemwe uja anapatsa mitambo mayina amene tinkaloweza ku sukulu. Ambiri a ife timakhala kumalire kumene lendi ndi yotsikirako, choncho pa siteji ya basi 6 koloko m'mawa kumazizira kuposa mmene foni ikunenera. Pansi pa nthaka ndi nkhani ina. Sitima za Central line ndi zina zakuya zimatentha ngakhale panja pakuzizira, pamene za Elizabeth line, imene inatsegulidwa pa 24 Meyi 2022, ndi za District, Circle ndi Metropolitan zili ndi makina oziziritsa. Pa ulendo umodzi wopita kuntchito ukhoza kuvala ndi kuvula kawiri.

Choncho ponyamula katundu, musadalire chijasi chimodzi chachikulu. Tengani zovala zosanjikiza: malaya opepuka, juzi, ndi jekete yosalowa madzi imene ingapindike n'kulowa m'chikwama. Nsapato zotseka. Amayi achikulire amene akubwera kudzaona zidzukulu muwagulire masokosi ndi sikafu, chifukwa madandaulo awo oyamba amakhala a mapazi ndi khosi. Chitenje chisatsale, chimagwira ntchito pa paki, pa mapewa madzulo, paliponse.

Pali chimfine china chimene ambiri timachidziwira kuno. Mitengo imatulutsa mungu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Meyi, ndipo udzu umalandira kuyambira pakati pa Meyi mpaka Julayi. Maso amayabwa, mphuno kuchucha, kuyetsemula kosalekeza, koma thupi silitentha. Ena chimawayamba atakhala kuno zaka zingapo osachimva. Mankhwala ake monga cetirizine ndi loratadine amagulitsidwa ku famase popanda kalata ya dokotala, ndipo app ya Met Office imaonetsa kuchuluka kwa mungu tsiku lililonse. Amene muli ndi mphumu musachedwe kukaonana ndi dokotala. Dzuwa lenilenilo musalithawe: a NHS, bungwe la boma loona za chipatala kuno, amati kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala ndi pamene khungu limatha kupanga vitamini D, ndipo amalangiza ife a khungu lakuda kuganizira zomwa mamaikulogalamu 10 a vitaminiyu tsiku lililonse chaka chonse, chifukwa dzuwa la kuno silitikwanira.

Za dimba ndazisungira kumapeto chifukwa ndi kumene kuwala ndi kutentha zimaonekera bwino kusiyana kwake. Makhonsolo a kuno amabwereketsa timinda ting'onoting'ono totchedwa allotment. Mndandanda wodikira ndi wautali, ndiye lembetsani mukangokhazikika. Nditapeza kanga, mtima unali pa nkhwani, bonongwe ndi mondokwa. Sabata yoyamba ya Meyi kunali dzuwa labwino, ine ndafika ndi mbande zanga za maungu ndi chimanga zimene ndinafesa m'timiphika pa windo. Bambo wina wachikulire wa munda woyandikana nawo, wochokera ku Jamaica, amene walima pamenepo zaka zambiri, anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti ndibwerere nazo kunyumba, ndizizitulutsa panja masana okha n'kumazilowetsa usiku kuti zizolowere, ndipo ndisawokere mpaka chionetsero cha maluwa cha ku Chelsea chitadutsa, kumapeto kwa mwezi. Anandiuzanso kuti alimi akale a ku Ulaya ankaopa masiku a 11, 12 ndi 13 Meyi, amene ankawatchula ndi mayina a oyera mtima atatu a chisanu. Mmodzi mwa iwo ndi Pancras, dzina lomwe lija la siteshoni ya sitima ya St Pancras. Ndinamvera, ndipo patapita masiku ochepa ndinaona nyemba ndi tomato za munda wina wapafupi zitagona pansi, masamba ali lende ngati awathira madzi otentha.

Chimanga chimafuna nthaka yofunda madigiri 10 kupita m'tsogolo, ndiye kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni ndiyo nthawi yake. Bzalani mizere ingapo yoyandikana, osati mzere umodzi wautali, kuti mphepo igwetsere mungu pa ndevu. Koma pali chinthu chimene chimakhumudwitsa Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe ndi Zambia ambiri. Chimanga cha makolo cha kwathu chinazolowera usana wa maola 12 kapena 13. Kuno chikaona usana wa maola 16 chimangokula msinkhu, chimatalika kuposa munthu, masamba obiriwira bwino, ngayaye osatuluka. Chimadikira kuti masiku afupike, ndipo pamene chikuyamba kubereka mu Seputembala kutentha kwatha, Okutobala akubwera ndi chisanu. Ndinachiona m'munda wa mayi wina wa ku Zambia, chimanga chokongola chopanda chisononkho ngakhale chimodzi chokhwima. Palinso malamulo okhwima olowetsera mbewu m'dziko lino, choncho gulani mbewu konkuno, za mtundu wocha msanga. Chimanga choyera chimatheka ndithu. Mlimi wochokera ku Zimbabwe, David Mwanaka, anayesayesa kwa zaka mpaka anayamba kuchilima chogulitsa kumpoto kwa London.

Mpiru ndi chayinizi zili ndi vuto lotsutsana ndi la chimanga. Usana ukatalika zimathamangira kutulutsa maluwa masamba asanakule, ndiye ndi bwino kuzifesa Julayi akamatha, masiku atayamba kufupika. Bonongwe amakonda nyengoyi kukangofunda, ndipo mbewu yake ndinapatsidwa ndi bambo a ku Jamaica aja, amene kwawo amadya ndiwo yomweyi. Maungu a mtundu uliwonse amapereka nkhwani wabwino kuyambira Julayi, bola muteteze mbande ku nkhono zopanda chigoba zimene zimatha kumaliza munda usiku umodzi wa mvula.

Masiku ano madzulo aliwonse a Meyi ndimatsegula app ya nyengo n'kuyang'ana zinthu zitatu ndisanayang'ane chithunzi cha dzuwa: nambala ya usiku, kumene mphepo ikuchokera, ndi ngati kukhale mitambo. Usiku ukakhala wa madigiri 4 kapena kutsika, kopanda mitambo ndi mphepo, ndimathamangira kudimba kukafunditsa mbande ndi kansalu kopepuka ka fleece, chifukwa pa nthaka penipeni pamazizira kuposa pamene amayezera. Masana akakhala a madigiri 25 kupita m'tsogolo, ndimafika kuntchito msanga, kudzaza majagi a madzi ndi kutseka makatani a zipinda za pamwamba dzuwa lisanafike mbali imeneyo.